Dziwe la mu Okutobala si Dziwe la mu Febuluwale

Ana anga a kuno ku Mulanje Mission, inu a m'makwaya ndi m'magulu a achinyamata a mpingo, inu a ku sekondale ndi inu amene mukuphunzira unamwino, pali nkhani imene tiyenera kukambirana dzuwa la chilimwe lisanayambe kuswa mtengo. Tinabadwira m'dera la madzi ambiri. Phiri lathuli limabala Likhubula, Lichenya, Thuchila, Ruo, Muloza ndi timitsinje tina tosawerengeka, ndipo m'maesiteti a tiyi muli madamu osungira madzi othirira. Mwana wa kuno sangakule osalowa m'madzi, ndipo ine sindinadze kudzakuletsani kusamba. Chimene ndikufuna muchimve ndi chimodzi, chakuti madzi amasintha ndi nyengo kuposa mmene maso amaonera. Malo akhoza kukhala omwewo, thanthwe lodumphirapo lomwelo, njira yotsikira yomweyo, koma madzi amene munasambamo pa Khirisimasi si amene mudzawapeze mu Julaye, ndipo a mu Julaye si amene adzakulandireni mu Okutobala. Amasiyana kuzizira kwake, kuya kwake, mphamvu yake ndi zimene abisa pansi. Ena mwa achinyamata amene timawalira sanamire chifukwa chosadziwa kusambira ayi, koma chifukwa analowa m'madzi a lero akudalira zimene anaona mwezi wina. Munthu wodziwa madzi ndi amene amayamba wafunsa kuti tili m'mwezi wanji, ndipo mwezi umenewu umachita chiyani m'dziwe ndi m'thupi mwake.

Tiyambe ndi kumene madziwa amachokera. Nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002 kuchokera pa nyanja yamchere. Zigwa za pamwamba pa phiri, monga Chambe ndi Lichenya, zili cha m'ma mamita 1,800 mpaka 2,000, pamene ife kumunsi kuno tili cha m'ma 600 mpaka 700. Odziwa zanyengo amati munthu akakwera mamita 1,000 mpweya umazizirirako ndi madigiri pafupifupi 6, ndiye kuti kumtundako kumazizira kuposa kuno ndi madigiri 7 kapena 8 tsiku lomwelo. Mu Juni ndi Julaye udzu wa kumeneko umayera ndi chisanu m'mawa. Madzi a Likhubula amabadwira m'kuzizira kumeneko, n'kutsika mothamanga m'makwawa a mithunzi, pansi pa mitengo ndi pakati pa matanthwe, osapeza mpata wokhala padzuwa. Akamafika pa Dziwe la Nkhalamba amakhala akadali ndi chisanu cha kumtunda. Onjezanipo china: madzi amachedwa kutentha ndipo amachedwa kuzizira. Thanthwe limawotcha mapazi masana, madzi ali pambali pake ngozizirabe. Pa chifukwa chomwechi madzi amatsalira m'mbuyo mwa nyengo. Mu Seputembala mpweya umakhala utatentha kale, koma pansi pa damu pamakhala pakadali kuzizira kwa Julaye, ndipo mu Epulo m'mawa mumayamba kuzizira madzi akadali ofunda. Thupi lathu limaweruza ndi dzuwa la pamutu ndi thukuta la pamsana, koma dziwe silitsata dzuwa la lero. Yerekezani ndi nyanja ya Malawi, imene ili pamalo otsika kuposa ife, kumene madzi a pamwamba amakhala pakati pa madigiri 23 ndi 29 chaka chonse. Wophunzirira kusambira ku Mangochi kapena ku Salima akafika m'phiri muno wafika m'madzi amene thupi lake silikuwadziwa.

Tsono kuzizira kumachita chiyani m'thupi? Thupi la munthu limasunga kutentha kwa madigiri 37, ndipo madzi amalanda kutenthako mofulumira kuposa mpweya maulendo pafupifupi 25. Akatswiri amene afufuza nkhaniyi zaka zambiri, monga Pulofesa Mike Tipton wa ku yunivesite ya Portsmouth ku England, anapeza kuti ngozi yaikulu ili m'mphindi zoyambirira zenizeni. Khungu likakumana ndi madzi ozizira mwadzidzidzi, munthu amakoka mpweya mwamphamvu asakufuna, kenako amayamba befu losaletseka, mtima n'kumagunda mothamanga, mitsempha ya pakhungu n'kufinyika. Amene pamtunda amatha kusunga mpweya kwa mphindi yathunthu, m'madzi ozizira amalephera patangopita masekondi ochepa. Ngati kukoka mpweya koyambako kwamupeza mutu uli pansi pa madzi, monga zimakhalira ndi wodumphira kuchokera pathanthwe, amakoka madzi m'malo mwa mpweya, n'kutsamwa, n'kutsokomola, n'kukokanso ena. Befu limeneli limatha lokha pakapita mphindi imodzi mpaka zitatu, koma ambiri sazifikitsa. Wopulumuka apa amakumana ndi gawo lachiwiri: pakadutsa mphindi 10 mpaka 30 minofu ya m'manja ndi m'miyendo imazizira, zala zimachita dzanzi, mikono imalemera, thupi limayamba kuimirira m'madzi m'malo mogona, ndipo munthu amalephera ngakhale kugwira nthambi imene mnzake wamupatsira. Kuzizira kwa thupi lonse, pamene kutentha kwa m'kati kumatsika pansi pa madigiri 35, kumabwera pambuyo pake. Izi sizisankha wamphamvu kapena wofooka, wamantha kapena wolimba mtima, chifukwa si maganizo amene amazilamulira.

Wina anena kuti, "Agogo, zimenezo ndi za ku Ulaya kumene madzi amaundana. Kuno ndi ku Malawi, dziko lotentha." Ganizo limeneli ndi lomveka, ndipo ndi zoona kuti madzi athu saundana. Koma ofufuza omwewo amati thupi limayamba kudzidzimuka madzi akatsika pansi pa madigiri 25, ndipo kudzidzimukako kumafika pachimake pakati pa madigiri 10 ndi 15. Sipafunika madzi oundana. N'chifukwa chake madamu ochitiramo mipikisano yosambira ya dziko lonse amasungidwa pakati pa madigiri 25 ndi 28, ngakhale kuti osambiramo ndi akatswiri. Komanso chimene chimadzidzimutsa khungu ndi kusiyana pakati pa mmene linalili ndi mmene lapezekera mwadzidzidzi. Taganizani za gulu limene lanyamuka ku Likhubula masana a Okutobala, lakwera chitunda dzuwa lili paliwombo, mpweya utapitirira madigiri 30, thukuta lili kamukamu, miyendo yatopa, kukhosi kwauma. Lafika padziwe, wina wavula malaya n'kudziponya. Khungu lake linali pa kutentha kwenikweni, ndipo m'kamphindi lapezeka m'madzi ochokera pamwamba pa phiri. Kutentha kwa dziko lathu sikumuteteza munthu ameneyu, koma ndi kumene kwamukankhira m'madzi mopupuluma, n'kukulitsa kusiyanako. Mwezi umene madzi amaoneka okoma kwambiri ndi womwewo umene thupi limakhala losakonzeka kwambiri.

Damu lili ndi msampha wake wosiyana ndi wa dziwe la m'phiri. Dziwe la pamathithi limalandira madzi atsopano nthawi zonse, choncho limazizira kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo silinamiza munthu amene wayamba waviika phazi. Damu ndi madzi odikha, ndipo m'chilimwe limagawikana pawiri. Aliyense amene anasiyapo ndowa ya madzi padzuwa amadziwa kuti akapisamo dzanja madzulo, pamwamba pamakhala pofunda koma pansi pozizira. Madzi ofunda ndi opepuka, amayandama pamwamba pa ozizira, ndipo awiriwa sasakanikirana popanda mphepo yamphamvu. M'damu lakuya, dzuwa la Seputembala ndi Okutobala limafunditsa mita imodzi kapena awiri a pamwamba, pansipo n'kutsala madzi a nyengo yachisanu. M'mphepete, pamene ana amasewera, madzi amakhala ofunda, ndipo munthu amakhulupirira kuti damu lonse lili choncho. Akasambira kupita pakati n'kutsitsa miyendo kuti apume, kapena akadumphira chamutu kuchokera pakhoma, amalowa m'gawo lozizira lija mosayembekezera. Apa ndi pamene mumamva anthu akuti mwendo unakokana, kapena kuti china chake chozizira chinamugwira n'kumukokera pansi. Ndipo popeza tsidya lina la damu limaoneka pafupi kuposa mmene lilili, anyamata amapikisana kuwoloka, mphamvu n'kuthera pakati penipeni, pamene palibe popondapo kapena pogwira.

Chilimwe chimabweretsanso zina. Madzi akamapopedwa kukathirira tiyi, damu limaphwera, ndipo zitsa, miyala, mapaipi ndi mawaya zimene mu Epulo zinali pansi patali zimafika pafupi ndi pamwamba. Pamene munadumphira bwinobwino m'masika pakhoza kuthyola khosi mu Novembala. M'mbali mumatsala matope oterera amene amameza mwendo mpaka m'bondo, ndipo makoma a damu lokumbidwa ndi anthu amakhala otsetsereka, a ndere, osavuta kutsika koma ovuta kukwera ndi manja a dzanzi. Pamene pali paipi yotulutsira madzi pamakhala kukoka kosaoneka ndi maso. Kuwonjezera apo, madzi odikha ndi ofunda a m'mphepete ndiwo mudzi wa nkhono zofalitsa likodzo. Wodwala akakodzera m'madzi, mazira a likodzo amaswa, tizilombo take n'kulowa m'nkhono, ndipo tizilombo timatuluka m'nkhonomo makamaka masana dzuwa likatentha, nthawi yomwe ana amakonda kusamba, n'kuboola khungu mosamveka. Mnyamata kukodza magazi si chizindikiro cha kukula monga ena amanenera, ndi matenda owononga chikhodzodzo ndi impso, ndipo kwa atsikana amafika mpaka kuvulaza njira ya chiberekero. Mankhwala ake, praziquantel, alipo kuchipatala ndipo amagawidwanso m'masukulu. Onani tsono mmene zilili: madzi othamanga ndi ozizira a m'phiri sakondedwa ndi nkhono koma amadula mpweya, pamene madzi ofunda a m'damu sadula mpweya m'mphepete koma amasunga likodzo. Palibe madzi amene mungawalowe osaganiza.

Dzinja likafika, nkhani imatembenuka. Madzi amafundirako, koma mphamvu yake imakula. Phiri la Mulanje limagwira mitambo, ndipo mbali yake ya kumwera ndi kummawa ndi limodzi mwa madera olandira mvula yambiri m'dziko muno. Mvula ikhoza kugwa ku Chambe kuno kumunsi kuli ngwee, ndipo popeza phirili ndi thanthwe lotsetsereka, madziwo samwerera pansi koma amathamangira m'makwawa onse nthawi imodzi. Dziwe limene linali bata likhoza kudzaza m'mphindi zochepa. Zizindikiro zake akulu amazidziwa: mtambo wakuda pamwamba pa phiri, mkokomo womveka kumtunda, madzi kuyamba kuda, masamba ndi tinkhuni kuyamba kuyandama, kamphepo kozizira kotsika ndi khwawa. Mukaona chimodzi mwa izi, tulukani ndipo kwerani kumtunda, musayambe mwafuna nsapato. Anthu a dera lino sitifunika kuuzidwa za mphamvu ya madzi a m'phiri. Mu Malichi 1991 napolo wochokera m'phiri la Michesi anakokolola Phalombe n'kupha anthu mazanamazana, ndipo mu Malichi 2023 namondwe Freddy anasiya anthu oposa 1,000 atafa kapena kusowa m'dziko muno, Mulanje ndi Phalombe ali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Zazikuluzo timazikumbukira, koma madzi omwewo amachita zofanana pang'onopang'ono chaka chilichonse. Amasuntha miyala, amakumba pamene panali posaya, amakwirira pamene panali pakuya, amasiya mitengo yathunthu pansi pa dziwe. Madzi saiwala khwawa, koma khwawalo silikhala chimodzimodzi dzinja likadutsa. M'damu namo madzi a matope amabisa pansi, ndipo potayira madzi osefukira pamakoka mwamphamvu. Pansi pa mathithi madzi amazungulira n'kubwezera munthu pomwepo, ndipo madzi a thovu, pokhala osakanikirana ndi mpweya, sanyamula thupi ngati madzi odikha.

Masika, cha mu Epulo ndi Meyi, ndiyo nthawi imene madzi a kumunsi amakhala ofatsirako: mvula yakata, matope adikha, kufunda kwa dzinja kukadalipo. Komabe damu limakhala lodzaza, ndiye kuti pamene mwana ankaima mu Okutobala pamakhala pomiza wamkulu, ndipo mitsinje ya m'phiri imakhala ikadali ndi liwiro. Kenako imadza nyengo yachisanu, Juni ndi Julaye, ndi chiperoni chake chimene chimakuta phiri masiku angapo, kamvula kowaza ndi mphepo yochokera ku Mozambique. Usiku madzi a pamwamba pa damu amazizira, amalemera, n'kumira, ndipo damu lonse limasakanikirana mpaka kuzizira mofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Osambira mwadala amachepa, koma owedza, otunga, ochapa ndi owoloka salekeza, ndipo wogweramo mwangozi atavala juzi ndi nsapato amakumana ndi kudzidzimuka konse kuja. Ngozi siithera potuluka m'madzi. Munthu wonyowa akaima pamphepo ya chiperoni amapitiriza kuzizira, ndipo ana ndi anthu ochepa thupi amazizira msanga kuposa ena. Mwana amene akunjenjemera, milomo itasintha mtundu, akulankhula mosamveka, afunika kumuvula zonyowa, kumupukuta, kumufunditsa ndi kumumwetsa tiyi wofunda ngati akutha kumeza. Mowa sufunditsa munthu ayi, umangotsekula mitsempha ya pakhungu kuti kutentha kotsalako kutuluke msanga.

Ndikudziwa yankho limene anyamata ambiri ali nalo pakamwa: "Ine ndimadziwa kusambira, ndipo anyamata a ku Likhubula amadumphira tsiku ndi tsiku osaona kanthu." Kudziwa kusambira ndi chuma, ndipo ndikufuna nonse mukhale nacho. Koma luso limagwira ntchito munthu akamapuma, ndipo m'mphindi yoyamba ija mpweya suli m'manja mwake. Ndiponso wosadziwa kusambira amakhala m'mphepete, pamene wodziwa ndiye amapita pakati, amadumphira pamwamba, amayesa kuwoloka. Za anyamata a kufupi ndi phiriwo, pali chifukwa chake. Ofufuza anapeza kuti munthu akalowa m'madzi ozizira kwa mphindi zochepa maulendo asanu kapena asanu ndi limodzi motsatizana, kudzidzimuka kwa thupi kumachepa ndi pafupifupi theka. Iwowo matupi awo anazolowera, amadziwa mwala uliwonse, amadziwa pamene madzi amazungulira, ndipo amaona dziwelo mlungu ndi mlungu likusintha. Inu amene mumafikako kamodzi pachaka paulendo wa sukulu kapena wa mpingo, ngakhalenso mlendo wochokera ku Blantyre, mumangoona kudumphako osaona zimene zili kumbuyo kwake. Kuti anthu zana adumphira n'kutuluka si umboni wakuti malowo ndi abwino, kumangosonyeza kuti ngozi siigwa tsiku lililonse. Ndipo pali ena amene ayenera kusamala kuposa anzawo: wodwala khunyu asalowe m'madzi popanda womuyang'anira pafupi, chimodzimodzi wa mphumu ndi wa vuto la mtima. Wolawa kachasu kapena mowa wina uliwonse asayandikire n'komwe.

Pali ena amene amati zonsezi n'kutaya nthawi, chifukwa Dziwe la Nkhalamba lili ndi eni ake, ndipo mizimu ikafuna munthu imamutenga, kapena amati tsiku likakwana lakwana. Sindikufuna kunyoza makolo amene ankalemekeza malo amenewa. Iwo ankafika padziwe mwaulemu, osachita phokoso, osadumphadumpha, osapita okha, osapita nthawi iliyonse, ndipo mwana ankayamba wafunsa asanatsike. Taonani bwino miyambo imeneyi, mupeza kuti ndi yomweyo imene dokotala angakuuzeni lero. Makolo anaona kuti malo ena amameza anthu, ndipo anatchinga malowo ndi mantha kuti ana apulumuke. Cholakwika ndi cha mbadwo umene wataya manthawo osatola chidziwitso, n'kumakumbukira mizimu pamaliro pokha. Za tsiku kukwana, tifunse kuti n'chifukwa chiyani tsikulo limakonda kukwanira anyamata, masana otentha, pa tchuthi, pagulu, wina atadumpha chamutu. Chinthu chimene chimabwera motsata njira yodziwika chotere chikhoza kutchingidwa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linapeza kuti m'chaka cha 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira, oposa 9 mwa 10 aliwonse ali a m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, ambiri mwa iwo ana ndi achinyamata. Mayiko amene anachepetsa imfa zimenezi anatero pophunzitsa ana kusambira, kutchinga malo oopsa ndi kuyang'anira. Ife a mpingo timakhulupirira kuti moyo uli m'manja mwa Mulungu, koma Mulungu yemweyo anatipatsa maso ndi nzeru, ndipo kudziponya m'ngozi n'kumati adziwa yekha ndi kumuyesa.

Nanga tingoletsa basi? Iyayi. Kuletsa kopanda chiphunzitso kumangochititsa ana kupita mobisa, ndipo mwana wopita mobisa amapita yekha kapena ndi anzake oopa kukanena kunyumba zinthu zikavuta. Pali malo amene kuletsako n'koyenera: madamu a m'maesiteti anakumbidwira ulimi ndipo ali ndi eni ake, ndipo madzi akumwa safunika kusambamo. Masiku ano madzi a Likhubula amayenda m'mapaipi mpaka ku Nguludi ndi ku Blantyre, ndipo midzi yambiri ya kuno imamwa madzi otsika m'phiri, choncho sopo ndi zonyansa za kumtunda zimathera m'chikho cha wina. Koma pamalo ololedwa, phunzirani kusambira pamadzi ofika m'chiuno, oyera, pamaso pa wamkulu wodziwa, ndipo phunziro loyamba likhale kuyandama chagada. Mukafika padziwe mutatopa, khalani pamthunzi kaye, imwani madzi, thukuta liume. Funsani eni dera za mmene madzi alili sabata imeneyo, pakuti safunsa anadya phula. Yesani kuya ndi nsungwi ulendo uliwonse, ngakhale pamalo pamene mumapadziwa. Lowani ndi mapazi, pang'onopang'ono, mudzithire madzi kumaso, m'khosi ndi pachifuwa, ndipo musachoke posaya mpaka mpweya utakhazikika. Sambirani motsata gombe, osati kuloza pakati. Tulukani zala zisanachite dzanzi. Mukagweramo mwangozi, musaphiriphithe kapena kuyamba kusambira nthawi yomweyo: gonani chagada, tambasulani manja ndi miyendo, mphuno ndi pakamwa zikhale kunja, dikirani befu lithe, kenako itanani kapena sambirani kupita poyandikira.

Dziwaninso kuti womira sakuwa monga timaonera m'mafilimu. Alibe mpweya woti akuwire. Amaimirira m'madzi, mutu uli chagada, pakamwa pakumira n'kutuluka, manja akupalasa m'mbali, ndipo pasanathe mphindi imodzi akhoza kuzimirira anzake ali pafupi akuseka. N'chifukwa chake pagulu lililonse payenera kukhala mmodzi wotsala pamtunda, wosagwira foni, ntchito yake kuwerenga mitu, ndipo azisinthana. Mnzanu akavutika, mtima udzakuuzani kuti mudumphire, koma maliro a anthu awiri kapena atatu a tsiku limodzi amayamba choncho, chifukwa womira amakakamira chilichonse n'kuchikanikizira pansi. Gonani chafufumimba pamtunda, mupatsireni nsungwi, nthambi kapena chitenje chopota, kapena muponyereni chigubu chopanda kanthu chotseka bwino, chomangirira chingwe. Zinthu zimenezi n'zosagula ndalama zambiri, ndipo gulu lopita kudziwe lizinyamule monga limanyamulira chakudya. Mukamutulutsa ali wosapuma, musataye nthawi kumuzondotsa kapena kumukanikiza pamimba kuti madzi atuluke. Chimene akusowa ndi mpweya. Mugonekeni chagada, kwezani chibwano, mupumireni m'kamwa kasanu, kenako kanikizani pakati pa chifuwa ka 30 n'kupumiranso kawiri, mobwerezabwereza, wina akuthamangira thandizo. Ngakhale atatsitsimuka n'kumati ali bwino, apite naye kuchipatala cha mishoni kapena cha boma, chifukwa madzi olowa m'mapapo amatha kuyambitsa vuto patapita maola. Luso limeneli amaphunzitsa a Red Cross, ndipo pamishoni pano pali anamwino ndi ophunzira amene angaliphunzitse m'masukulu ndi m'magulu a mpingo atapemphedwa.

M'chaka cha 2021 bungwe la United Nations linasankha 25 Julaye kukhala tsiku lokumbutsana za kupewa kumira. Kwa ife tsikuli limagwa nthawi yabwino, m'kati mwa chisanu, miyezi iwiri kutentha kusanayambe kukokera ana kumadzi. Atsogoleri a achinyamata, aphunzitsi ndi inu amene mumakonza maulendo a ku Likhubula, gwiritsani ntchito nyengo imeneyo: dziwani amene amatha kusambira m'gulu lanu ndi amene satha, amene ali ndi khunyu kapena mphumu, phunzitsanani kupumira munthu m'kamwa, ndipo musankhe mwezi wa ulendo mutaganizira madzi, osati tchuthi chokha. Mawu otsiriza ndi anu anyamata ndi atsikana, chifukwa pathanthwe paja sipakhala agogo kapena abusa, pamakhala inu nokha. Ambiri amadumpha osati chifukwa chofuna, koma poopa kusekedwa, kapena pofuna kuti kanema wa pafoni akome. Mmodzi akanena molimba kuti, "Lero ayi, kumtunda kwada," kapena, "Tiyeni tiyambe tayesa ndi nsungwi," amamasula anzake angapo amene anali ndi mantha omwewo koma osatha kuwatchula. Khalani munthu ameneyo. Mtsinje wa Tinkanena unathera mu Siizi, ndipo ife akulu sitikufuna kudzanena kuti tinkanena. Tikufuna mudziwe madzi a kwanu mwezi ndi mwezi, muwasambe zaka zambiri, ndipo mudzaphunzitse azing'ono anu kuwerenga nyengo asanavule malaya.